Kompyuta Yodwala Chitseko Chikatsekedwa

Kodi ndi matenda anji amene amagwira kompyuta chitseko chikangotsekedwa, koma n'kuthawa wokonza akangolowa m'chipindamo? Ganizirani pamene ndikufotokoza, mwina inu mupeza yankho msanga kuposa ine. Ine zinanditengera masiku atatu, chonsecho ndinali ndi satifiketi ya ukatswiri wokonza makompyuta, inki yake isanaume n'komwe.

Amene anandiimbira foni ndi amalume, Lachitatu m'mawa. Amalume ndi mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ngakhale pafoni amalankhula ngati aima kutsogolo kwa kalasi. Anandiuza kuti kompyuta yawo yayamba mwano, ikumangozima yokha iwo ali pakati pa chiganizo. Anawonjezera kuti ngati sukulu imene ndinapitayo inali yeniyeni, ndifike dzuwa lisanakwere.

Ndinanyamula chikwama cha zida mwachangu. Kushopu kumene ndimagwira ntchito, mwini wake, amene tonse timamutcha Mdala, anali asanandilolepo kutsegula makina ndili ndekha. Ntchito yanga inali yomupatsira sikuludalaiva ndi kumuunikira tochi. Tsono uyu anali wodwala wanga woyamba, wangawanga.

Nkhani yake inali yotere. Mwana wa amalume, msuweni wanga, saona. Maso anasiya ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma mutu wake ndi wakuthwa ngati lumo, ndipo akuphunzira zamalamulo ku koleji. Buku limodzi lofunika kwambiri pa mayeso ake silinapezeke m'zilembo zopapasa ndi zala. Choncho bambo ake anadzipereka kuliwerenga lonse mokweza n'kumajambula mawuwo pa kompyuta, kuti iye azikamvetsera kusukulu. Bukulo linali ndi mitu khumi ndi iwiri, ndipo yojambulidwa inali inayi yokha. Basi yobwerera kusukulu inali ya Lamlungu m'mawa. Akanakwera basiyo popanda mitu isanu ndi itatu yotsalayo, akanakalowa m'mayeso akudziwa kachigawo chabe ka buku.

Ndinamupeza msuweniyo atakhala pakhonde, akusenda lalanje.

"Wafika Injiniya," anatero ndisanapereke n'komwe moni. "Ndamva nsapato zako uli pageti. Ukuyenda ngati munthu wokalandira mphotho."

Ndinamuuza kuti pofika masana adzandipepesa atagwada. Anati mawondo ake ali ndi ntchito zina.

Chipinda chojambulira chinali chaching'ono, kumapeto kwa kolido. Amalume anapachika makatani akale m'makoma onse kuti mawu asamachite chiunda. Patebulo panali maikolofoni, tambula ya madzi, ndi buku lija litatsegulidwa, lula itagona pamzere umene kompyuta inafera dzulo lake. Pambali pa maikolofoni panali wodwalayo: kabokosi kakuda, kakang'ono ngati katoni ya nsapato, kamene anagula pa ofesi ina imene inkatseka. Anandilozera mpando wathabwa wapakona, umene anaikapo bulangeti lofiira lopindidwa bwinobwino kuti thabwalo lisamapweteke munthu. Ndinaukokera pafupi n'kukhala, kenako ndinawafunsa mafunso monga tinaphunzitsidwira.

Anayankha mwadongosolo, akuwerenga pazala. Mitu inayi yoyamba inayenda popanda vuto. Kuyambira mutu wachisanu, kompyutayo inkazima pakatha mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo zonse zimene awerenga zinkapita ndi mphepo. Sanaigwetse, sanaithire madzi, sanaikemo pulogalamu yatsopano. Ndinawafunsa chifukwa chimene samawerengera pang'onopang'ono n'kumasunga. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti mutu wa buku si nzimbe yoti uziduladula. Phunziro limatenga mphindi makumi anayi, ndipo mphunzitsi wosiya pakati amasokoneza mwana. Za kujambula pafoni anali atayesa kale, koma msuweni anati mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chitini.

Nditamasula chivundikiro cha kabokosiko ndinatsala pang'ono kuvina. Fumbi lake linali losati masewera. Linamata pa sefa yakutsogolo ngati chikopa, linadzaza m'mipata ya chitsulo chamizeremizere chimene chimayamwa kutentha kwa purosesa, ndipo mapiko a fani anali atamera ndevu. Ndinawafotokozera amalume kuti purosesa ndiyo ubongo wa makinawo, ndipo ikatentha kufika pamalire imadzizimitsa yokha kuti isapse. Ndinatulutsa kabokosiko panja, ndinakapopera mpweya, ndinakapukuta ndi kaburashi. Fumbi linakwera ngati kwadutsa lole, msuweni n'kuyamba kuyetsemula akunditukwana.

Nditabwezeretsa zonse ndinatsegula pulogalamu yoonetsa kutentha, n'kuipatsa kompyutayo ntchito yolemetsa kwa mphindi makumi anayi zathunthu. Nambala inakwera kufika pa madigiri 68 n'kuima pomwepo. Ndinawauza amalume kuti wodwala wachira.

Pamenepo anatitulutsa tonse. Limenelo linali lamulo la nyumbayo: akamajambula, m'chipindamo musakhale munthu, wailesi izimitsidwe, ndipo wofuna kutsokomola akatsokomolere kwa aneba. Chitseko chinatsekedwa. Ine ndi msuweni tinakhala pakhonde, kunsi kwa zenera la chipindacho, ine ndikumuuza mmene ndidzatchulire shopu yanga ndikadzatsegula.

Patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri chitseko chinatseguka.

"Injiniya," anatero amalume modekha, "wodwala wako wamwaliranso."

Ndinathamanga. Kabokosiko kanali kotentha ngati simbi. Nditayatsanso, nambala inaonetsa 94, kenako inatsika mofulumira ndikuyang'ana: 80, 71, 60. Mafani onse ankazungulira bwinobwino, ngati sanalakwe kanthu. Ndinakhala pampando uja n'kuiyang'anitsitsa kwa ola lathunthu, ndipo sinachitenso chilichonse. Zoona zake, ndinabwerera kwathu ndili wosangalala kuposa mmene ndinabwerera. Matenda ongofuna kupukuta fumbi angathe kuchizidwa ndi aliyense. Awa anali matenda a katswiri.

Madzulo ndinaimbira Mdala. Anaseka kaye, kenako anandikumbutsa zimene amakonda kunena. Kutentha kumayenda ulendo: kumachoka pa purosesa kupita pa chitsulo, kuchoka pa chitsulo kulowa mu mpweya, ndipo mpweyawo uyenera kutuluka m'bokosi. Pamene ulendowo watsekeka, ndi pamene pali matenda. Anati ndiutsate ulendowo ngati wolondola mapazi a mbuzi yosowa, ndisalumphe poyambira.

Lachinayi ndinayambadi poyambira. Ndinamasula zomangira zinayi n'kunyamula chitsulo chija pa purosesa. Pakati pa ziwirizi pamakhala mafuta otuwa, amene timawatcha pesiti, othandiza kuti kutentha kuwoloke. Pesiti imene ndinapeza inali itauma n'kung'aluka ngati matope a m'dambo m'chilimwe. Ndinaitana msuweni kuti aikhudze ndi chala. Anati ngati ubongo wa kompyuta wauma chonchi, ndiye kuti ndi wachibale wanga.

Ndinapukuta ndi sipiliti mpaka purosesa inawala ngati galasi. Ndinadonthezera pesiti yatsopano, kadontho kamodzi pakati penipeni, osachulutsa, osachepetsa. Pomanga ndinatsata ngodya zoyang'anana, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chikhale mofanana mbali zonse. Ndinkasangalala kwambiri, chifukwa ntchito imeneyi ndinali nditangoichita kawiri kusukulu, pa makina akufa. Nditayesa, nambala inaima pa 59. Amalume anailemba m'kope lawo n'kuidula mzere kunsi.

Anatitulutsa. Chitseko chinatsekedwa. Tsiku limenelo inapirira mphindi makumi atatu ndi imodzi, ndipo inafa amalume atatsala ndi masamba atatu kuti amalize mutu wachisanu.

Sanakalipe. Anavula magalasi, anapukuta m'maso, n'kumwa madzi. Mawu awo anali atayamba kusasa, pakuti mutu umodzimodziwo anali atauwerenga kasanu ndi kamodzi. Msuweni nayenso nthabwala zinamuthera. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndikuganiza kuti zitheka, chifukwa ngati sizitheka ayambe kupempha anzake kusukulu kuti azikamuwerengera, ngakhale aliyense adzakhala ali ndi mayeso akeake. Ndinamulonjeza kuti mawa. Ndinalonjeza ndi pakamwa, mtima ukufunsa kuti mawa lake liti.

Lachisanu ndinafika ndi ulusi ndi fani yanga yatsopano, imene ndinkasungira kompyuta imene ndidzamange ndekha tsiku lina. Mbali yotsala ya ulendo inali ya mpweya. Ndinayatsa makinawo n'kulendewetsa kaulusi kutsogolo kwa sefa. Kanakokedwera mkati, monga ziyenera kukhalira. Ndinakalendewetsa kumbuyo, kumene mpweya wotentha uyenera kutulukira. Nakonso kanakokedwera mkati.

Ndinakuwa mpaka amalume anagwetsa lula. Fani yakumbuyo inamangidwa chozondoka. Wina ku ofesi kuja anaichotsapo n'kuibwezera osayang'ana kamuvi kamene kali m'mbali mwake, kosonyeza kumene mpweya ukupita. Mafani onse awiri ankalowetsa mpweya, wotulutsa panalibe. Ndinawauza amalume kuti zili ngati kalasi ya zitseko ziwiri imene ana akulowera konsekonse popanda wotuluka. Fanizolo analikonda, ndipo anati mwina sukulu yanga inali yeniyeni ndithu.

Ndinachotsa fani yakaleyo n'kumanga yanga, kamuvi kataloza kunja. Mawaya amene anali atapingasa pakati pa bokosi ngati zingwe zoyanikira zovala ndinawasonkhanitsa n'kuwamangirira m'mbali. Ndinatsukanso sefa. Panali timaubweya tofiira tambirimbiri, ndipo ndinadabwa pang'ono chifukwa ndinali nditaitsuka dzana lomweli, koma ndinali pa liwiro moti ndinangotiuzira n'kupitiriza. Nditatseka n'kuyesa, nambala inaima pa 48. Kuika dzanja kumbuyo kwa kabokosiko, mpweya wofunda unkakankha chikhatho. Fani yangayo inali yamphamvu, ndipo inkalira mokwererapo kuposa yakale, koma ine kulira kumeneko ndinkakumva ngati nyimbo. Amalume anapendeketsa mutu n'kumvetsera. 

Chitseko chinatsekedwa. Pakhonde ndinamuuza msuweni kuti akonzekeretse mawondo aja.

Inafa patatha mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Ndinalowa, ndinagwira kabokosi kotenthako, ndinayang'ana nambala ikutsika monga mwa masiku onse. Ndinadzigwetsa pampando wapakona. Ngakhale mpandowo unali wofunda, ngati pangochoka munthu, ndipo ndinaganiza kuti chipinda chonsecho chalodzedwa. Ndinali nditautsata ulendo wonse, kuchokera pa purosesa mpaka kunja. Chilichonse chimene ndinakonza chinali cholakwikadi. Nanga makina oziziritsidwa bwino chonchi angafe bwanji msanga kuposa pamene anali odzaza fumbi?

Ndinabwerera pakhonde n'kukhala pansi. Msuweni anandigunda ndi chigongono.

"Iwe Injiniya, tandiuza. Kodi fani yakoyo umaitchera kuti izichepetsa mawu bambo akayamba kuwerenga?"

Ndinamuuza kuti palibe chotero. Makina akamagwira ntchito, fani imakweza mawu, sichepetsa.

"Ndiye pali chimene sukudziwa," anatero. "Ine ndimamva zonse pazenerapa. Chitseko chikatsekedwa, fani imalira bwinobwino. Kenako mpando wapakona umakhwekhwereka pang'ono. Kenako faniyo imamveka ngati munthu wolankhulira m'pilo. Zikatero bambo amakonza kukhosi n'kuyamba. Masiku onse zimatero. Ine ndimayesa ndi mmene kujambula kumakhalira."

Ndinatembenukira kwa iye. Ndinamufunsa ngati zinkateronso pa mitu inayi yoyamba. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti ayi. M'mitu imeneyo faniyo imamveka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo iye anawauzapo bambo ake kuti ikumusokoneza pomvetsera. Anangonena kamodzi, pa chakudya chamadzulo, n'kuiwala.

Ndinamugwira mapewa n'kumugwedeza mpaka anandiopseza kuti akadzamaliza sukulu ine ndidzakhala woyamba kumangidwa. Matendawo sanali m'kati mwa bokosi. Ankabwera chitseko chikatsekedwa, ndipo ine masiku onsewa ndinkayesa makinawo chitseko chili chotsegula, mwini wake ataima pambali manja ali kumbuyo.

Ndinapita kwa amalume n'kuwapempha kuti ayesenso kamodzi, ine ndili momwemo. Anakana. Anati maikolofoni yawo imamva ngakhale kupuma kwa munthu, ndipo ine ndimapuma ngati ndathamangitsidwa. Ndinavomera mwaulemu n'kutuluka. Koma sindinapite pakhonde. Ndinavula nsapato n'kuima m'kolido, dzanja lili pa chogwirira cha chitseko, msuweni ali pambali panga khutu ataligunditsa kukhoma.

Tinamva fani. Ine sindinamve china chilichonse, koma patapita kanthawi msuweni anandikanda padzanja n'kunong'ona kuti tsopano.

Chibadwire sindinalowepo m'chipinda cha amalume osagogoda. Tsiku limenelo ndinalowa.

Anali atakhala mowongoka, lula ili pamzere woyamba, pakamwa atatsegula kale kuti ayambe. Ndinayang'ana patebulo pamene panayenera kukhala kabokosi kaja, ndipo ndinayamba kuseka. Ndinaseka mpaka ndinatsamira chitseko, misozi ili mbwembwembwe, msuweni akundikoka malaya kuti ndimuuze chimene ndaona. Nditamunong'oneza, nayenso anakhala pansi m'kolidomo n'kugwira nthiti.

Amalume anatiyang'ana ngati ana ochita phokoso pa mayeso.

"Amalume," ndinatero nditapeza mpweya, "Lachitatu ndinakufunsani ngati munasintha kanthu."

"Unandifunsa za kugwetsa, za madzi ndi za mapulogalamu. Ndinayankha zimene unafunsa."

"Nanga ichi?"

"Ichi si cha kompyuta. Ndi cha phokoso. Msuweni wakoyu anati njuchi ikumusokoneza, ndiye ndinaitseka pakamwa." Anakonza magalasi. "Ndipo lero ndachita kupinda kawiri, chifukwa fani yako ija ndi yolongolola kuposa mwini wake."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sindinachipezepo patebulo pamene ndinkathamangira kudzaona. Anadabwa ndi funsolo. Anati makina akazima amayamba achichotsa kuti afike pa batani, ndipo chinthu ukathana nacho umachipinda n'kuchibwezera pamalo pake. Anaphunzitsa ana zimenezi zaka makumi atatu ndi zisanu, sangayambe uve atakalamba.

Msuweni anali atasiya kuseka. Anati, "Bambo, ine ndinangodandaula kamodzi."

"Kamodzi n'kokwanira," anayankha amalume, maso ali pabuku.

Ndinawaonetsa ndi ulusi uja. Ndinaulendewetsa kutsogolo, sunagwedezeke. Kumbuyo, chimodzimodzi. Nambala pa sikirini inali itadutsa kale 70 ndipo inkakwera tikuona. Ndinawauza kuti kompyuta imapuma ngati munthu, imakoka mpweya wozizira kutsogolo n'kutulutsa wotentha kumbuyo, ndipo iwo ankaitseka mphuno ndi pakamwa pomwe n'kuiuza kuti igwire ntchito. Nditavundukula, nambala inagwa ngati mwala woponyedwa m'chitsime. Amalume anayang'ana kwa nthawi, kenako anatsegula kope lawo n'kulemba mzere umodzi umene sanandilole kuwerenga.

Koma njuchi ija inali ikadalipo, ndipo dandaulo la msuweni linali loona. Mankhwala ake sanafune n'komwe sikuludalaiva. Tinakokera tebulo pafupi ndi khomo. Kabokosiko tinakatulutsa m'kolido n'kukaika pa kampando, kutali ndi khoma, kuti kazipuma mbali zonse. Mawaya a sikirini, a kiyibodi ndi a maikolofoni tinawadutsitsa pampata wa kunsi kwa chitseko. Chitseko chitatsekedwa, m'chipindamo munali zii. Tinajambula mphindi imodzi yoyesera n'kumupatsa msuweni kuti amve, pakuti woweruza anali iye. Anamvetsera nkhope itauma ngati ali kale m'khoti, kenako anagamula kuti njuchi yafa.

Masana omwewo mutu wachisanu unatha, mphindi makumi anayi ndi ziwiri osaima. Ine ndinakhala m'kolido pafupi ndi wodwala wanga, dzanja lili pa mpweya wofunda wotuluka kumbuyo, ndikumwetulira ndekha ngati wopenga. Wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri inatsatira dzuwa lisanalowe. Loweruka amalume anayamba m'mamawa, akumwa madzi ofunda a uchi pakati pa mitu, ndipo pofika madzulo anatseka bukulo n'kuika lula pamwamba pake. Mawu anali atatheratu, moti potiuza kuti amaliza anachita kulemba papepala.

Lamlungu m'mawa msuweni anakwera basi, fulashi ya mitu khumi ndi iwiri itamangidwa pa chingwe m'khosi mwake. Kugwada anakana. Anati amene anapeza matenda ndi makutu ake, ine ndinangonyamula chikwama. Mdala atamva nkhaniyi anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Lolemba anandipatsa makina awiri oti nditsegule ndekha. Anandiuzanso kuti pa mafunso anga ndiwonjezere limodzi, lofunsa mwini makina chimene amachita wokonza akachoka.

Tsono matenda aja, ogwira chitseko chikatsekedwa n'kuthawa wokonza akalowa, sanali fumbi, pesiti kapena fani yozondoka. Linali bulangeti lofiira lija, limene amalume ankafunditsa kompyuta asanayambe kuwerenga, lomwe ine ndinalikhalira masiku onse atatu.